Waya Akadziluma Sathawa

Achimwene anga ankasintha mawaya a gitala yamagetsi ngati akusenda nthochi. Njira yawo anandiphunzitsa ndili Fomu 2, pakhonde kwathu ku Nkaya. Suchotsa onse nthawi imodzi, iyayi. Umachotsa mmodzi n'kuikapo watsopano. Ukalowetsa waya pakabowo ka chokungira, nsongayo umaipinda n'kuidutsa pansi pake kuti adzilume yekha. "Waya akadziluma sathawa," ankatero. Chopukusira anachipanga ndi sipoko ya njinga, ndiye ntchito yomwe anzawo ankatha nayo m'mawa wonse, iwo ankaimaliza tiyi asanazizire.

Chaka chimenecho maukwati anasiya kuitana bandi. Ankangobwereka mnyamata wa laputopu ndi masipika, basi. Achimwene anayamba kutchula Joni pakudya paliponse. Kwathu banja lililonse lili ndi wake amene anapita kumeneko. Ena amaimba foni, ena zii. Thiransipoti inayenera kuchokera pa gitala, ndipo wogula anapezeka: mkulu wina wa kwaya wa ku Mposa, amene anati abwera Loweruka koma apeze mawaya atsopano.

"Iwe, tamanga mawayawa, ndikuthamangira ku Balaka," anandiuza Lachisanu. Anasiya mbuzi ndi fisi.

Ndinamanga onse bwinobwino, ooneka ngati a m'sitolo. Kungoti sindinapinde nsonga ngakhale imodzi, ndipo chokungira chilichonse ndinachidzoza mafuta odzola a amayi. Mpaka lero ndimati imeneyo ndiye ntchito yanga yapamwamba, kuposa nalimata amene ndinaika m'chikwama cha aphunzitsi a masamu.

Loweruka mkulu uja anafika ndi jekete padzuwa lonselo. Achimwene anachuna, n'kulumikiza ku ampu yokuzira mawu, n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi. Mzere woyamba unaimbika. Pa wachiwiri waya wachitatu anayamba kutsetsereka, mawu n'kumatsika ngati ng'ombe yodwala. Anakunga. Wachinayi naye anamutsatira.

"Aphiri inu, gitala imeneyi yaledzera?" mkulu uja anafunsa achimwene.

"Ndi mawaya atsopano, bambo, amayamba atambasuka kaye."

"Atambasuke mpaka Pasaka? Ine anthu anga amatsika okha popanda chowathandiza."

Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe nditaluma malaya kuti kuseka kusamveke, misozi ili mbwee. Mkuluyo anakwera njinga yake n'kumapita.

Achimwene anagwira chokungira, n'kununkhiza chala. Ndinakonzeka kuthawa, koma sanadzuke n'komwe.

"Ukuganiza kuti wandimanga?" anatero. "Iwe wamanga gitala."

Mlungu wotsatira anagulitsa ampu ndi sipika kwa mnyamata wa laputopu uja. Zimenezo sindinaziganizire. Ananyamuka m'mawa ndi kachikwama kamodzi, amayi akuwaikira chinangwa chophika m'jumbo. Gitala anaisiya pabedi langa, chopukusira cha sipoko chili pambali.

Amayi amati ndipepese. Ndipepese chiyani? Ndikanadziwa, ampunso ndikanaithira madzi a mchere. Cholakwa changa n'chakuti ndinadzoza pang'ono.

Foni ya achimwene inkalira miyezi yoyambirira. Tsopano amayankha ndi mayi wachizungu, kunena zomwezomwezo tsiku lililonse, ndipo amayi amamumvetsera mpaka amalize, ngati mwina pamapeto anena zina.

Mafuta aja ndinawapukuta ndi palafini. Mawaya ndinamanganso onse, mmodzimmodzi, nsonga zopinda, aliyense wodziluma yekha. Sathawa. Koma gitala yamagetsi yopanda ampu ili ngati udzudzu: kuti uimve, uyenera kugunditsa khutu pathupi pake. Sitima ya malasha ikamadutsa, ngakhale ine woimbayo sindimva kanthu, ndimangoona zala zikuyenda.