Mwendo wa Amayi Wokana Kugwada

Ndimakumbukira beseni lofiira lomwe linkakhala pansi pa tebulo m'nyumba yathu ya lendi ku Tallaght, kudziko la azungu. Amayi akaweruka kunyumba yosamalirako okalamba ku Lucan, ankathiramo madzi otentha ndi mchere, n'kuviikamo phazi lamanzere. Kakolo wawo anali atatupa ngati papaya, ndipo akamakwera masitepe ndinkamva mafupa akukhulana. Nyamakazi inali itadya mfundo yonse. Ine ndinali ndi zaka khumi, ndipo chaka chimenecho makolo a anzanga kusukulu ankachotsedwa ntchito mmodzimmodzi.

Dokotala anawauza kuti njira zilipo ziwiri. Yoyamba, kulumikiza mafupawo ndi zitsulo kuti akhale fupa limodzi: ululu uchepa, mwendo ulimba, koma phazi silidzapindikanso. Yachiwiri, kuikamo mfundo yochita kupanga: phazi lizipinda bwinobwino, koma kwa munthu wa msinkhu wawo, wonyamula nkhalamba tsiku lonse, ikhoza kutha msanga n'kufunanso opaleshoni ina. Amayi anasankha yoyambayo asanatsike n'komwe mu Luas, sitima ya m'tauni yomwe anakwera pochokera kuchipatala. Maopaleshoni awiri kunali kujomba kawiri, ndipo masiku amenewo ukajomba kwambiri shifiti yako ankapatsa wina.

Ndiye kunatulukira amalume, achimwene awo a amayi, omwe ankachita maphunziro apamwamba pa sikolashipu. Anakhala pampando wabwino, jekete osavula, n'kulengeza kuti iwo ndiwo mwinimbumba, nkhani ya mpeni pathupi pa mlongo wawo siingathe iwo asanalankhulepo. Mpaka lero mtima umandiwira ndikakumbukira. Munthu woti sanawaperekezepo kuchipatala, sanawanyamulirepo ngakhale thumba la mbatata! Za ululu sanafunse, za ntchito sanafunse. Nkhawa yawo inali imodzi basi: "Mkazi wosagwada, kumudzi tikanena kuti chiyani? Alendo akabwera muziwapatsa madzi muli chilili?" Ati asankhe mfundo yopinda ija.

Amayi anamvetsera zonsezo atagwada pakapeti, thukuta lili kamukamu chifukwa cha kuwawa, ndipo amalumewo osanena n'komwe kuti khalani pampando. Aa, ulemu wathuwu nthawi zina ndi nkhanza zenizeni! Amayi anangoti, "Ndamva, achimwene." Sabata yotsatira anapita okha kukauza dokotala kuti alumikize mafupawo.

Anadikira miyezi yambiri kuti awaitane, kenako anakhala ndi chikhakha nyengo yonse yachisanu, akudumphadumpha ndi ndodo m'nyumba yozizira. Masiku atayamba kutalika anabwerera ku Lucan, akutsimphina pang'ono koma osabuulanso, ndipo ntchito yawo anaipeza ilipo. Amalume atabweranso, amayi anawapatsa tiyi ali chilili. "Mwendowu sulolanso, achimwene." Amalume anamwa tiyiyo nkhope ili ndwii, zikomo osanena.

Loweruka lake m'mawa ndinawapeza amayi kukhitchini atagwada ndi bondo limodzi, zala za phazi louma lija zitaponda pansi, akukwecha uvuni uku akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Ndinakuwa ndi chimwemwe m'Chingelezi changacho kuti mwendo wachira, tiwaimbire amalume msanga amve. Amayi ananditseka pakamwa ndi dzanja lonunkha sopo, maso akuseka. Tsiku lonse ndinakhala ndikudabwa kuti mwendo wotha kugwadira uvuni ukulephera bwanji kugwadira amalume.