Malimu Anayi a Galimoto ya Amalume

Mwa akatswiri onse a zitsulo amene dziko lino linabalapo, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, palibe amene anawalitsapo malimu a galimoto kuposa ine. Ndikunena izi modzichepetsa. Mboni zanga zinali nkhuku za amalume, amayi awiri odziwa kukwecha mapoto, ndi bambo mmodzi wothawa nkhondo. Galimoto imene ndikunenayo sindinaiyendetsepo, ngakhale kungoichotsa pansi pa mtengo wa mango kuifikitsa pa geti.

Zinali zaka zija anthu a ku Mozambique ankalowa kwathu ndi mitolo pamutu. Ine ndinali nditangobwerera ku Mangochi kuchokera ku Blantyre, kumene ndinaphunzira za uinjiniya zaka ziwiri, mpaka akuluakulu a pa koleji anaona kuti nzeru zanga zikufunika kwambiri kumudzi. Anachita kundilembera kalata yondiuza zimenezo. Pepala lina lokhalo limene ndinabwera nalo linali laisensi yoyendetsera galimoto, imene ndinaipeza ndi ndalama zimene amalume anatumiza kuti ndigulire mabuku.

Amalumewo, alongo awo a mayi anga, ndiwo ankandiphunzitsa monga eni mbumba. Anali ndi golosale pa boma, ndipo ine anandipatsa malo ogona m'chipinda cha katundu, pakati pa matumba a mchere. Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Anangoyamba kunditchula kuti a injiniya. Babu ikapsa, itanani a injiniya. Mbuzi ikadula chingwe, kodi a injiniya ali kuti? Kukalipiridwa kumatha tsiku lomwelo, koma ulemu wa mtundu umenewo umakudya pang'onopang'ono ngati chiswe.

Tsiku lina amalume anagula galimoto kwa mzungu wa pa loji ina ku Nkopola amene ankabwerera kwawo. Inali itakhala miyezi yambiri pamchenga, matayala atakwiririka theka. Injini inali yabwinobwino. Vuto linali malimu, zitsulo zija amavekapo matayala. Sanali achitsulo wamba ngati a galimoto zina za pa boma, anali a aluminiyamu, a zala zisanu ngati dzanja lotambasula. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira. Amatuwa, kutuluka zipere zoyera, penti n'kumatukuka ngati khungu lopsa ndi madzi otentha. Matayala akenso analibe machubu, mpweya unkagwidwa ndi mlomo wa limu, ndipo mlomowo unali utadyeka. Tikapopa m'mawa, pofika nthawi ya swala ya masana ku mzikiti galimoto nayo inali itagwada.

Nthawi imeneyo bungwe lina lothandiza othawa nkhondo linkachita hayala galimoto za anthu kuti zizinyamula makalaliki ake kupita cha ku Namwera, kumene ankagawa ufa, nyemba ndi mafuta. Mwini galimoto ankalandira zake, dalaivala nayenso zake mwezi ndi mwezi. Amalume anafunsa mtengo wa malimu atsopano ku Blantyre, ndipo atamva anaseka mpaka kuvula chisoti. Atatha kuseka anandiyang'ana.

"Mukaichiritsa kugwadaku, a injiniya, chiwongolero n'chanu."

Aliyense amene anagonapo pambali pa mchere adziwa chimene mawu amenewo anatanthauza. Sindinkafuna kulemera. Ndinkafuna chipinda changachanga cha lendi, ndi kumva dzina langa lenileni likutuluka pakamwa pa munthu.

Ndinakweza galimoto pa njerwa, n'kupita ndi mawilo kwa womata matayala wa pafupi ndi depoti kuti akavule matayalawo. Malimu ndinabwera nawo pa njinga, awiriawiri, ndikuyenda pang'onopang'ono kuti anthu aone kuti sayansi yafika m'boma lawo. Ndinawatsuka ndi sopo, n'kuwayala pabwalo. Kenako ndinachita chinthu chimene munthu wophunzira yekha angachite. Ndinakumbukira kuti pa koleji ankachotsa penti ndi soda uja amayi amapangira sopo, koma ndinaiwala kuti tsiku limene ankafotokoza zitsulo zoyenera soda ndi zosayenera, ine ndinali kokaphunzira kubwerera m'mbuyo ndi galimoto. Ndinasungunula soda m'beseni n'kuvikamo limu loyamba. Madzi anayamba kubwata popanda moto. Panatuluka mpweya wotsamwitsa, nkhuku zinathawa, ndipo limu linatuluka lakuda bii ngati lapulumuka m'nyumba yopsa.

Pakhomopo pankabwera mayi wina wa ku Mozambique kudzagwira ganyu yotsuka mbale. Ankalankhula Chiyao ndi akazi awo a amalume, ine ankangondipatsa moni basi. Tsikulo anaima ndi beseni m'manja, kuyang'ana limu lakudalo nthawi yaitali, kenako anafunsa amayi a pakhomo ngati kusukuluko amaphunzitsanso kuononga mapoto. Ananena kuti chitsulo chimenechi amachidziwa, ndi chomwecho chimene amuna awo amaumbira mapoto kuseri kwa msika, ndipo sichifuna mankhwala, chimafuna mchenga ndi msana.

M'mawa mwake ananditengera ku Shire, pa dooko pamene amayi amatsukira ziwiya. Anandionetsa mchenga woyenera. Si wapamwamba wokhakhala uja, koma wapansi pake, wosalala ngati ufa wosefa. Ndinabwera nawo chidebe chodzaza pa njinga. Pamenepo ntchito inagawika pawiri: ya ku Blantyre ndi ya ku dooko. Ya ku Blantyre inali kupala penti wotukukayo ndi mpeni wakale, kenako kukhula zipere ndi sandipepa wokhakhala, makamaka pamlomo pogwira tayala, mpaka chala chizidutsa osakodwa. Ya ku dooko inali kunyowetsa mchenga, kuutapa ndi chitsononkho, n'kumakwecha mbali imodzi yokha, osazungulira. M'makona mwa zala zija tinkalowetsamo kansalu kokulunga pa kamtengo. Potsiriza phulusa losefa ndi mandimu odula pakati. Ndikuti tinkalowetsa, koma mayiyo anangondionetsa kamodzi n'kubwerera ku mbale zawo. Ankangoti akamadutsa, amvekere apa simunafike, apa mwasiya.

Ndinakwecha masiku asanu ndi anayi. Zikhadabo zinatha, zala zinasupuka mpaka madzi a mandimu ankandiimbitsa nyimbo. Koma malimu anayamba kuyera, kenako kunyezimira, kenako kuonetsa nkhope. Ngakhale lija ndinaliotcha ndi soda linandikhululukira. Amayi a m'nyumba zoyandikana anayamba kubwera kudzapempha moto umene anali nawo kale kwawo, n'kumaima pafupi ndi malimuwo akukonza mipango.

Tsiku lachisanu ndi chinayi kunabwera amuna awo a mayi uja. Anthu ankangowatchula kuti a fundi. Kwawo anali makanika, nkhondo inawalanda galaja, ndipo kuno ankasungunula mapisitoni akale n'kumathira m'zikombole za mchenga. Sanayamikire kuwala. Anapempha chingwe ndi supuni. Anapachika limu lililonse pa nthambi ya mango n'kuligogoda, khutu lili pafupi. Atatu analira ngati belu la pasukulu. Lachinayi linangotsokomola. Analitembenuza, n'kundionetsa ndi nsonga ya supuni kamzere pamene chala chimodzi chimakumana ndi mkombero. Kanali kochepa ngati tsitsi. Pansi pa penti ndi zipere zija sikakanaoneka, koma ine ndinali nditakavula bwinobwino.

"Ili lafa, mwanangu," anatero. "Ulipake penti, kapena undigulitse."

Penti ndinali naye. Kachitini ka siliva ndinali nditagula kale kwa mmwenye, ndipo buku lililonse limanena kuti aluminiyamu wokwecha amafuna kuphimbidwa, apo ayi zipere zimabweranso. Madzulo ake ndinatulutsa kachitiniko n'kuyamba kukakhutchumula. Akazi awo a amalume anatuluka m'khitchini ngati amva mwana akulira. Anandifunsa ngati ndinaonapo mkazi wanzeru akupaka penti poto wake. Kwathuko nyumba imayesedwa ndi mapoto oyanikidwa pa thandala. Poto wowala ndiye kuti pakhomo pali munthu, ndipo chinthu chopaka penti ndiye kuti mwini wake akubisa litsiro. Ananena kuti boma lonse likukamba za malimu a pakhomo pawo, ndiye ine ndikufuna kuwasandutsa ngati chitseko cha chimbudzi cha pasukulu.

Ndikanatha kuwauza za kamzere kaja. Sindinawauze, amalumenso sindinawauze. Zoona zake n'zakuti mawu awo anandikomera. Kuyambira tsiku limene ndinatsika basi ndi sutikesi, chimenechi chinali chinthu choyamba changa chimene anthu ankabwera kudzaona osaseka. Ndinadziuza mwa sayansi kuti mng'aluwo uli pa chala, osati pamlomo, choncho mpweya sukhudzidwa. Kachitini ndinakabweza pansi pa matumba a mchere.

Womata matayala anabwezeretsa matayala, atapaka sopo pamlomo kuti akhale bwino. Tinapopa. Tsiku loyamba galimoto inaima chilili, lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu amalume anaizungulira akumenya tayala lililonse ndi nsapato. Makiyi anali m'thumba la mkanjo wawo. Anati ndidzawagwira pepala la hayala likasainidwa.

Woyesa galimoto wa bungwe lija anabwera Lachisanu m'mawa. Anali bambo wotopa, wa fumbi la ku Namwera m'nsidze. Anatsegula boneti, anamvera injini, anaponda mabuleki, anayatsa nyale. Cholembera chinali chitafika kale pa pepala. Pamenepo dzuwa linadutsa m'masamba a mango n'kugunda limu lakutsogolo, ndipo limulo linamuthwanimira m'maso. Anabweza cholembera m'thumba n'kunjuta kuti aone bwino. Anati wayesa galimoto zambiri m'boma muno koma malimu otere sanawaonepo, ndipo anafunsa amene anagwira ntchitoyo.

"Mwana wa mlongo wanga uyu," anatero amalume, dzanja lili paphewa panga. "Anaphunzira ku Blantyre."

Sananene kuti a injiniya. Ndikufuna zimenezi zilembedwe, chifukwa ulemerero wanga unatenga nthawi yofanana ndi imene munthu amatenga kuchoka pa tayala lakutsogolo kufika pa lakumbuyo. Bambo uja ankasisita limu lililonse ngati akusankha nsalu. Pa lakumbuyo, la kamzere lija, chikhadabo chake chinakodwa. Anabwereza. Chinakodwanso.

Sanakweze mawu. Anati msewu wa ku Namwera umakwera phiri mokhotakhota, ndipo potsika galimoto imalemera ndi anthu, choncho iye sangaike makalaliki ake pa limu losweka. Anati aluminiyamu akayamba kung'aluka pamodzi ndiye kuti anzakenso atopa. Tipeze malimu anayi achitsulo pofika Lolemba, apo ayi malo apatsa wina. Amalume anachotsa dzanja paphewa panga mosafulumira, ngati munthu amene wazindikira kuti watsamira khoma la penti wosauma.

Galimoto zina zimene bambo ameneyo anavomereza ndinkaziona tsiku ndi tsiku pa boma. Malimu ake anali omatika matope ndi girizi wa zaka zambiri, ndipo palibe amene ananjutapo kuti awasirire. Chimene chinali pansi pa matopewo amadziwa ndi Mulungu.

Malimu achitsulo amalume anawapeza tsiku lomwelo, pa khonde la mzikiti, atatha mapemphero a Lachisanu. Mnzawo wina wogulitsa nsomba zouma anali ndi galimoto yakufa kuseri kwa nyumba yake, yomwe mabowo a malimu ake ankagwirizana ndi yathu. Ndalama anakana, anati pakati pa abale sipayenda ndalama. Anangopempha kanthu kamodzi kakang'ono: anali ndi mwana wamwamuna, wa ndevu zake ndi ana awiri, amene anali ndi laisensi koma ankangokhala.

Amalume sanandiitane kuti andifotokozere. Ndinamva kwa akazi awo, amene ankauza mayi wa ganyu uja m'Chiyao, poganiza kuti ku Blantyre ndinaiwalako ndi chilankhulo chomwe. Loweruka ndine ndinamasula malimu anga n'kumangirira akuda aja, chifukwa pakhomopo injiniya analipo mmodzi yekha. Lolemba m'mawa munthu wa ndevu uja anabwera atavala malaya oyera, analandira makiyi, ndipo amalume anandikodola kuti nditsegule geti. Ndinatsegula bwino kwambiri. Mpaka lero sindinamvepo dandaulo lililonse pa katsegulidwe kanga.

Malimu anayi aja anagulitsidwa kwa a fundi pa sikelo ya mu golosale, ngati nyemba. Ndinawaperekeza kuseri kwa msika ndipo ndinaonerera akuwaphwanya ndi nyundo yaikulu. Lija losweka linagonja msanga, atatu enawo anavuta. A fundi anandiyamikira ndi mtima wonse. Anati chiwolokereni malire sanasungunulepo aluminiyamu woyera chotere, wopanda litsiro loyengula pamwamba. Patapita sabata akazi awo anabweretsa poto mmodzi ngati mphatso kwa amayi a pakhomo. Ankaphikiramo nyemba, ndipo tsiku lililonse ankamukwecha ndi mchenga wotsala mu chidebe changa n'kumuyanika pa thandala, moyang'anizana ndi zenera la chipinda cha mchere.

Ndikudziwa kuti woyesa galimoto uja sanalakwe. Amene anatsikapo phiri limenelo anaona zigoba za magalimoto m'munsi mwake, ndipo n'kutheka kuti penti uja akanandipititsa komweko pamodzi ndi makalaliki a eni ake. Anthu amandiuza zimenezi kuti ndithokoze. Ndimathokoza ndithu, koma munthu amatha kuthokoza ali wokwiya. Nkhondo itatha, a fundi ndi akazi awo anakwera lole kubwerera kwawo ndi zikombole zawo. Munthu wa ndevu uja anayendetsa galimotoyo mpaka bungwe linatseka ofesi, n'kumangira nyumba ya malata. Ine ndinagona ndi mchere zaka zina zitatu, ndipo amalume anamwalira akunditchulabe a injiniya.

Kachitini ka siliva kaja sikanatayike. Amalume anakapeza n'kupakira sikelo ya mu golosale, imene inawala bwino ndithu. Pamodzi ndi sandipepa, soda, mandimu ndi womata matayala, ntchito yonse yaikuluyi inandidyera makwacha asanu ndi anayi ndi matambala makumi anayi. Mchenga unali waulere.