Ndinawasankhira bambo galimoto yoopa mchenga

Inu owerenga, ine ndinalakwitsa posankha galimoto, ndipo galimotoyo sinali yanga. Ndalama sizinali zanga. Changa pankhani yonseyi chinali pakamwa pokha. Ndalemba izi kuti inu amene mukusirira timagalimoto tamakono tija tokwera m'mwamba, tooneka ngati ana a zimagalimoto za mabungwe, mumve kaye zimene zinandionekera kwathu ku Senga Bay musanapereke ndalama zanu.

Kwathu amandiyesa katswiri. Ndinapitako kukoleji, kukaphunzira za ulimi wa mthirira, mpaka pamene ine ndi kolejiyo tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Koma kwa abale anga, munthu amene anagonako kukoleji amadziwa zonse. Foni ikafa, ndine. Mbuzi ikatsokomola, ndine. Ine sindikana, chifukwa kukana ulemu ndi mwano.

Bambo anga anali siginala, munthu uja amatsogola ndi nyali pamadzi, kuona pamene pali usipa, n'kulamula anzake nthawi yoponya ukonde. Moyo wawo wonse anali wolamula. Chaka chatha anadwala sitiroko, mwendo wamanja unafooka, koma pakamwa panatsala bwinobwino. M'nyumba amayenda ndi ndodo pang'onopang'ono, pamchenga sangathe. Chidwalireni anali asanaione nyanja. Tinawauza za kabaza, anati adzagwa. Tinatchula wilibala, anangotiyang'ana mpaka tinapepesa. Za kunyamulidwa ndiye anakanitsitsa, kuti anthu amene iwo ankawalamula asadzawaone ali m'manja ngati thumba la makala. Anati, "Ine adzandinyamula kamodzi kokha, ndipo tsiku limenelo sindidzakhala ndikuona."

Vuto linakula pamene msuweni wanga Yohane, mwana wa mlongo wawo wa bambo, anakhometsa boti latsopano. Yohane analumbira kuti botilo silikhudza madzi mpaka atsibweni ake ataikapo dzanja n'kupemphera. Penti inauma, usipa unayamba kugwidwa, anzake akulowa m'madzi, iye boti lili pamtunda kudikira nkhalamba imene sinkafuna kunyamulidwa.

Achemwali anga, amene amachita geni ya usipa ku Lilongwe, anali atasunga kale ndalama zogulira galimoto yoti izitengera bambo kuchipatala ku Salima. Anandiitana n'kundiuza mawu ochepa: "Iwe, ndikufuna galimoto yoti bambo azilowa okha, ndipo ikafike padooko. Zina zonsezo uona wekha, paja ndiwe wophunzira."

Tinapita ku Lilongwe, pamalo ena ogulitsira magalimoto ochokera ku Japan. Inu owerenga, mukanandiona tsiku limenelo mukanandilemba ntchito. Ndinkayenda manja ali kumbuyo. Galimoto iliyonse ndinkaimenya tayala ndi phazi, chifukwa ndinaonapo akuluakulu akutero, ngakhale mpaka lero sindidziwa chimene tayalalo limayenera kuyankha. Zing'onozing'ono zotsika zija ndinazikana kuti zidzakhula mimba m'misewu yakwathu. Zikuluzikulu zija achemwali anazikana okha atamva mtengo. Pakati pake panaima iyoyo, yofiirira, yofupika koma yokwera, mphuno yokwiya ngati ikufuna ndewu, m'mbali mwa matayala muli mapulasitiki akuda, pamwamba pali tizitsulo tomangirira katundu. Inkaoneka ngati ikhoza kukwera phiri la Senga ili cham'mbuyo.

Ndinafunsa mkulu wogulitsayo ngati inali folo bai folo, ija imakoka ndi matayala onse anayi. Iye anamwetulira n'kunena kuti, "Bwana, inuyo ndi maso anu mukuiona bwanji? Taonani msinkhu." Ndiyenera kunena chilungamo: munthuyo sanandinamize. Anangondifunsa funso, ine n'kudzinamiza ndekha.

Tinaiyesa pamsewu wa tala. Mukangoiliza, mayi wina m'katimo amayamba kulankhula Chijapani mwaulemu kwambiri. Achemwali anafunsa kuti akuti chiyani, ine ndinati akutilonjera. Magiya imasintha yokha. Mukamabwerera m'mbuyo imakuonetsani pakagalasi zimene zili kumbuyo. Mphepo yoziziritsa ija inali yoti munthu wa ku Salima akhoza kulira nayo misozi yachisangalalo. Mpando wake suli pansi ngati wa timagalimoto ting'onoting'ono, sulinso m'mwamba moti mpaka kukwera ngati lole, umangotembenuka n'kukhala. Pamenepo ndinaganiza za mwendo wa bambo ndipo mtima unakhazikika. Ndinaonanso kuti tayala lapadera mulibe, muli kabotolo ka mankhwala omatira tayala ndi kapampu basi, komanso wailesi yake imagwira nyumba zoulutsira mawu zochepa, koma ndinati zimenezo n'zazing'ono. Ndinatsokomola, n'kulengeza kuti galimoto ndi imeneyi.

Loweruka lotsatira, m'mawa, bambo anavala jekete yakutchalitchi, kutentha konse kuja. Anayenda ndi ndodo yawo mpaka pachitseko, anatembenuka, n'kukhala okha popanda wowagwira. Anangosisita mpandowo ndi dzanja. Mayi wa Chijapani atalankhula, iwo anayankha kuti, "Tadzuka bwino, kaya inu mayi." Tikudutsa pamsika anatsitsa galasi n'kumakweza dzanja kwa aliyense ngati phungu wobwera kudzapempha mavoti. Achemwali kumbuyo ankangomwetulira. Ine pachiwongolero ndinkadziona ngati munthu amene koleji inamutaya mosaganiza bwino.

Tinasiya tala, tinalowa njira ya m'mudzi, galimoto ikuyenda bwinobwino. Kenako tinafika pamene pamayambira mathandala oyanikapo usipa, pomwe nthaka imathera n'kuyamba mchenga weniweni, woyera, wofewa ngati ufa. Galimoto inayamba kulemera. Ndinaponda mafuta. Inalira. Ndinapondanso. Matayala akutsogolo anazungulira mwaukali, kumwaza mchenga mpaka pa usipa wa eni ake, koma akumbuyo anangoti duu, ngati mkamwini pamilandu ya eni mudzi. Ndinayesa kubwerera m'mbuyo, kagalasi kaja kakundionetsa bwinobwino kumene sindikanatha kupita. Posakhalitsa mimba ya galimoto inakhala pamchenga.

Yohane anabwera akuthamanga ndi anyamata ake apaboti. Paja msuweni sakumvera chisoni. Anaizungulira galimotoyo manja ali kumbuyo, n'kunena kuti, "Msuweni, wabwera kudzaidzala? Tikatunge madzi tithirire? Paja za mthirira ndiye unaphunzirako theka." Anthu anaseka, amayi a usipa nawo akundikalipira za mchenga uja.

Tinakankha. Tinakumba ndi manja ndi nkhafi. Tinaika bango ndi matabwa pansi pa matayala, tinaphwetsako mpweya. Ndili chigonere pamchenga wotentha, ndikufukula pansi pa galimoto, ndi pamene ndinaiona koyamba mimba yake. Kuchokera ku injini kupita kumatayala akumbuyo kunalibe chitsulo chilichonse chowazunguza. Matayala akumbuyowo ntchito yawo inali kungotsatira. Galimoto inali ndi nkhope ya m'tchire koma miyendo ya m'tauni.

Dzuwa linakwera. Nyanja inkamveka, mafunde akumenya, koma sinkaoneka chifukwa patsogolo pathu panali mathandala ndi kamtunda ka mchenga. Bambo anali chikhalire pampando, thukuta likutsika m'jekete. Yohane anasiya nthabwala, anagwada pachitseko n'kunena kuti abweretsa mpando, anyamata anayi awanyamulirepo, si patali. Bambo anayang'ana anthu amene anali atasonkhana, ambiri a iwo asodzi amene anaphunzira ntchito m'manja mwawo, n'kupukusa mutu. Anati, "Yohane, pemphera wekha mphwanga, Mulungu amamva aliyense. Galimoto ikatuluka mundibweze kunyumba."

Achemwali sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa. Anangotembenukira kumbali n'kumakonza chitenje chimene chinali chomangidwa kale bwino. Ndinadziwa kuti bambo akabwerera tsiku limenelo, sadzavomeranso kuyesa.

Ndinapita pachitseko, ndinagwada chowafulatira, n'kulankhula motsitsa kuti amve okha. Ndinati, "Bambo, galimotoyi ndinasankha ndine, ndipo aliyense pano akudziwa. Mlandu wotere sungathe popanda chilango. Mundikwere kumsana. Anthuwa saona munthu wonyamulidwa, aona mwana wopusa akulangidwa."

Ndinadikira chigwadire, maondo akupsa ndi mchenga. Kenako ndinamva akukonza kukhosi, n'kukweza mawu aja ankamveka kutsidya kwa maboti: "Tamverani nonse! Mwana uyu watigulira galimoto yoopa mchenga. Ndagamula kuti ulendo wotsalawu aumalize iyeyo."

Anthu anaombera m'manja chigamulocho. Dzanja lamanzere linandigwira pakhosi, lamanja linagwira ndodo, ndipo tinanyamuka. Musaganize kuti anakhala phee ngati wodwala. Ankandiwongolera. "Kumanja! Wagona kodi? Pewa chingwecho! Ponda mafuta!" Ndodo ikuloza uku ndi uku, nthawi zina n'kumandikhudza m'nthiti. A Jafali, mnzawo wakale amene ankasodza naye limodzi, anafuula ali pansi pa thandala kuti, "Wallahi, a Mbewe, imeneyi ndiye galimoto! Mafuta ake ndi chiyani?" Bambo anati, "Mbatata. Koma imadya kwambiri." Dooko lonse linkaseka ine, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankawayang'ana bambo mwachisoni.

Titakwera kamtunda kaja, nyanja inangoti mbee patsogolo pathu, maboti ali ndandanda, la Yohane likuwala penti. Malamulo anatha. Ndodo inatsika. Ndinamva chibwano chawo chitatsamira paphewa panga, ndipo pakhosi panga panayenda madzi ofunda. Ine ndinati ndi thukuta, ndipo mpaka lero aliyense akandifunsa ndimati linali thukuta.

Ndinawatsitsa m'mphepete penipeni. Anati ndiwavule nsapato. Anaima mapazi ali m'madzi, atagwira mphuno ya botilo, n'kupemphera. Anapempherera boti, ukonde, anyamata, mphepo ya mwera kuti iziwachitira chifundo. Pomaliza anapempherera ana onse amene amagula zinthu poona nkhope. Ameni wake anamveka mpaka kumsika. Boti linalowa m'madzi, ndipo anyamata omwewo atamaliza anabwerera kukainyamula galimoto ija ngati mmene amakokera boti, akuimba, n'kuikhazika pouma.

Galimotoyo tikadali nayo, ndipo sindikufuna kuinyoza mopitirira. Pa tala imayenda mofatsa, mafuta imamwa mwaulemu, m'mabampu ndi m'maenje a njira ya ku Lifuwu imadutsa osakhula pansi. Kuchipatala bambo amapita ngati bwana. Kumbuyo kwake n'kochepa. Dengu lalikulu la usipa limalowa pokhapokha mutagonetsa mipando, ndipo fungo lake limakhala nanu mpaka sabata yamawa. Magalasi a m'mbali amadzipinda okha mukakhoma zitseko, choncho chizolowezi chathu chopachika chambo pagalasi muchiiwale. Achemwali anayesa, ndipo galu wa pamsika wa Kamuzu Road akuwathokozabe.

Langizo langa ndi ili, abale anga. Timagalimoto timeneti tambiri timakoka ndi matayala akutsogolo okha, ngakhale tilipo tina tofanana nato ndendende timene timakoka ndi onse anayi. Msinkhu si umboni. Mapulasitiki akuda si umboni. Funsani mwachindunji, ndipo wogulitsa akakuyankhani ndi funso, gonani pansi muone nokha ngati pali chitsulo chopita kumatayala akumbuyo, thalauza imachapidwa. Funsani za tayala lapadera, chifukwa kabotolo sikangakuthandizeni tayala likang'ambika ku Chitala. Funsani amakaniko akwanu ngati zipangizo zake zimapezeka. Koposa zonse, musaiyese pamsewu wa wogulitsa. Ganizirani njira yoipitsitsa imene galimotoyo ikagwireko ntchito, ndi munthu amene mukumugulirayo. Ndipo ngati m'banja mwanu muli katswiri wonga ine, mupite naye, koma mutengenso munthu wina.

Achemwali anafuna kuigulitsa kuti tipeze yokoka ndi matayala onse. Bambo anakana. Anati galimotoyi ilibe mlandu, imafika pamene iyenera kufika, ndipo chigamulo chimene anapereka padooko sichinathe ntchito. Choncho Loweruka lililonse m'mawa amavala jekete, ine ndimaimika galimoto pamene mchenga wayambira, n'kugwada. Mukamasankha galimoto mosasamala, dziwani kuti zilango zina sizikhala ndi tsiku lothera. Ndipo chiyambireni kupita kunyanja, bambo ayambanso kudya bwino. Akunenepa.