Tsiku Limene Mlongoti Unandigwera

Ndinakwatiwa nthawi ya Chitaganya ndi mnyamata wa kwathu kum'mawa, tikukhala m'kanyumba kozungulira kaudzu ku Kabwata. Amuna angawo ankagwira ntchito kukampani yosamala milongoti ya wayilesi. Ankakwera mpaka kunsonga kukapaka penti yofiira ndi yoyera, n'kumanganso mawaya akamasuka.

Azimayi apampopi ankakhulupirira kuti munthu wokwera kumeneko amamva nyimbo ndi nkhani zisanatsikire m'mawayilesi athu aja ooneka ngati sefuliya. Ndikafika ndi ndowa ankandilowetsa kutsogolo n'kumandifunsa za mawa. Ine sindinkawatsutsa. Ndinkangoti sandilola kuulula, n'kubwerera kunyumba madzi akukhavukira m'khosi ndi phwete.

Loweruka lina amuna anga anati ndikawaone ali pantchito. Ndinavala diresi yanga yachikasu, ndinatenga mng'ono wanga, ulendo wapansi mpaka kunja kwa tauni. Mlonda wapachipata, mdala wina wachibemba, anatiimika pampanda n'kuloza kumwamba.

"Langanani uko, mayo. Bamuna banu ni baja."

Ndinakweza maso. Kanali kanthu kakang'ono ngati nyerere, kakugwedeza chipewa. Kenako mitambo inayamba kuyenda kumbuyo kwake, ndipo ndinaona mlongoti wonse ukupendama, ukugwera ine ndithu, amuna anga ali pomwepo. Nsapato zinatsala m'mbuyo. Ndinathamanga manja ali m'mwamba ngati ndikawawakha, mpaka ndinapunthwa n'kugwa chagada m'udzu. Mng'ono wanga anangokhala pansi, misozi ili chuchuchu ndi kuseka. Mlonda uja anati aliyense amaona choncho tsiku loyamba, ndipo ngakhale mzungu woyang'anira ntchitoyo anathawapo mpaka kutaya kaliwo wake.

Sindinadzuke msanga. Ndinagona pomwepo dziko likundizungulira, nanenso ndikuseka mpaka nthiti kuwawa. Amuna anga anatsika pang'onopang'ono, lamba ali m'chiuno, ndipo atafika anandidzutsa ndi manja apenti. Zikhato ziwiri zofiira zinadinda pa diresi. Anandiuza kuti kumwambako Kabwata yense amaoneka ngati bowa, ndipo sabata yathayo anazindikira utsi wa nyemba zimene ndinapsereza. Bodza limenelo ndinalikana, koma nyembazo zinapsereradi.

Pobwerera mng'ono wanga anandipatsa chitenje kuti ndiphimbe pentiyo. Ndinamubwezera. Tinadutsa pakati penipeni pa msika, ine patsogolo, nsapato zili m'manja.