Khasu la a Njobvu

M'mawa uliwonse a Eustace Njobvu ankakhala pakhonde pawo ku Kaumbwe n'kumapukuta jombo, ngakhale ulendo unali wakudimba chabe. Anazolowela choncho ali wapolisi wamng'ono ku Nyimba, ndipo sanaleke atakwela kukhala mkulu wa achitetezo ku Lusaka.

Zaka zimenezo kumudzi sankaoneka. Kukagwa malilo ankatuma dalaivala ndi thumba la ufa. Anthu ankalandila, koma ankasunga mumtima. Kuno amene sakumba manda a anzake, ake amasowa owakumba.

Chaka china cha zisankho anauzidwa pafoni kuti abalalitse msonkhano wa chipani china. Anatuma anthu awo, ndipo munthu mmodzi anafa. Pofufuza, woimba foni uja anakanitsitsa, kalata panalibe. A Njobvu anachotsedwa ntchito, nkhope yawo ili m'nyuzipepala sabata yathunthu.

Atabwelela kumudzi, za ku Lusaka palibe anawafunsa. Pa malilo oyamba anaima pamthunzi, manja kumbuyo. A Edmond Sakala, mkulu wa okumba manda, anawaitana ali m'dzenje.

"Bwana, lelo dalaivala wadwala?"

Anthu anaseka. A Njobvu anavula jekete n'kutsika ndi jombo zonyezimilazo. Dothi la mu Okutobala ndi mwala, manja anatuluka matuza.

"Mukupalasa ngati nkhuku, bwana," anatelo a Edmond. "Welamani."

A Njobvu anagula khasu lawolawo. Zaka zinayi anakumba, ku Kaumbwe mpaka ku Kalindawalo, mvula kapena dzuwa. Palibe anawauza ngati zakwana, iwonso sanafunse.

Kenaka shuga inawagoneka. Happiness, mwana wa mlongo wawo, ndiye ankawaphikila, khanda lili kumsana. Ankaona kuti njinga ikalila panjila amalume ake amadzutsa mutu, ikapitilila amagonanso.

Tsiku lina masana njinga inaima. Anali a Edmond. Anakhala pampando n'kuwayang'ana kuchokela kumutu mpaka kumapazi.

"Mwabwela kudzandiyeza?" anafunsa a Njobvu.

"Tinakuyezani kale. Kutalika konseku, mudzatithyola misana. Koma musafe sabata ino, bwana, tikukumba mtedza."

A Njobvu anatseka maso kwa kanthawi, kupuma kwawo kunayamba kupepuka. Anamwalila patapita milungu iwili, mtedza uli kale m'nkhokwe, ndipo tsiku la a Edmond lija ndilo analankhula komaliza zomveka.

"Happiness," anatelo a Njobvu tsikulo, "tenga khasu langa kuseli kwa chitseko uwapatse a Edmond. Lawo lija n'lobuntha."