Lipenga limene ndinaliza kumbuyo kwa amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri m'chaka chimene mpikisano waukulu wa mpira wa mayiko unachitikira ku Joni. Kwathu ndi ku Mbombwe, ndipo amene anafikako akudziwa kuti mpira ndiye matenda athu. Munthu akhoza kuiwala tsiku lolandira feteleza, koma osati tsiku limene timu ya m'mudzi ikukumana ndi anyamata a kwa Mpama. Ndiye taganizani, mpikisano wa dziko lonse wabwera pafupi chonchi, kudziko kumene abale athu amapita pa basi! Ife ana tinkangoona ngati masiku akuchedwa dala.

Koma pakhomo pathu panali amalume a Lenadi, achimwene awo a amayi anga.

Asanapite ku Joni, amalumewa anali goloboyi wa timu yathu, munthu wanthabwala, woti akayamba kuseka anthu a kutsidya amafunsa kuti kwagwanji. Anakhalako zaka zinayi akugwira ntchito yomanga nyumba. Kenaka kunabuka chipwirikiti chija chothamangitsa alendo, ndipo anabwera ndi jumbo imodzi yokha, dzanja lamanzere litapsa mpaka zala ziwiri kumatirirana. Zimene zinawachitikira sanatiuze. Chaka chathunthu sanatuluke pakhomo. Chitseko chikamenyeka ndi mphepo ankadzambatuka, maso ali tuzu, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira. Amayi ankawanyengerera m'mawa uliwonse: "Achimwene, tatulukani muwothereko dzuwa."

Pang'onopang'ono anayamba kutuluka. Anayambira kudimba, kenaka kutchalitchi, ndipo m'chaka cha mpikisanocho anafika mpaka kubwalo la mpira, kumene anayamba kutiphunzitsa ife anyamata kugwira mpira. Ankatiponyera ndi dzanja limodzi, n'kumatikalipira tikatsinzina. Tsiku limene anaseka koyamba kubwaloko, amayi atamva analowa m'nyumba n'kukalira. Ankati achimwene awo abwerera tsopano. Tonse pakhomopo tinkadziwa kuti kubwerera kumeneku kunali kosakhwima, kofunika kukugwira ngati dzira.

Mkangano unayambira pakhonde la sitolo ya Che Jafali, amene anali ndi kanema wa dishi ndi jenereta, malo okhawo oonera mpira pa Mbombwe. Pakhondepo ndi pamene akabaza ankadikirira anthu. Amene anauputa anali a Namakhwa, wakabaza wamkulu, amenenso anali wapampando wa timu.

"Anthu anawotcha mbale wathu," iwo anatero, "lero ife tikhale pabenchi n'kumawombera m'manja mabwalo awo? Ine ayi. Tinyanyale!"

"Pepani a Namakhwa," anayankha Che Jafali akupukuta sikelo, "kodi ku Joni adzamva kuti pa Mbombwe anthu atsinzina? Nanga osewerawo ndiwo anagwira machesi?"

"Mukutero chifukwa dzanja lopsalo si lanu."

Abale, kunali phokoso! Ena ankati mpira ulibe mlandu. Ena ankati munthu wosamva chisoni ndi mnzake wa m'mudzi ndi galu. Wina anati mwayi woterewu sudzabweranso tili moyo, mnzake n'kumuyankha kuti zala za a Lenadi nazonso sizidzabweranso. Anakangana masiku atatu, mpaka anthu ofuna kabaza ankachita kukoka eni njinga malaya. Dzina la amalume linali pakamwa pa aliyense, koma eni akewo panalibe, ndipo palibe anapita kukawaitana. Kwathu timatero: nkhani yopweteka sitiikamba pamaso pa mwini wake, timati tingamukumbutse. Timakambirana kumbali, n'kumugamulira, kenaka n'kukamuuza zotsatira zake mwaulemu wonse.

Tsiku lachitatu anakweza manja, onyanyala n'kupambana. Nanenso ndinakweza langa ndili kumbuyo, ngakhale la mwana panalibe wolilabadira. Che Jafali anatsitsa dishi padenga akung'ung'udza. Madzulo ake a Namakhwa anabwera kwathu atavula chipewa, nauza amalume kuti mudzi wonse sudzaonera mpikisanowo chifukwa cha iwo. Amalume anangoti, "Zikomo." Amayi anandiloza chala: "Iwe Mada, ndikangomva kuti wakaonera kwina, udziwanso."

Sabata yoyamba anthu anapirira. Sabata yachiwiri pa Mbombwe panagwa matenda odabwitsa. Dzuwa likangofika paliwombo, wakabaza aliyense ankapeza wodwala woti akamusiye kuchipatala ku Mauwa, ndipo odwalawo anali amuna okhaokha, amphamvu zawo, ena akuimba mluzu pakaliyala. Ku Mauwako kunali kanema wina. Aliyense ankadziwa, koma palibe ankanena. Masana m'mudzi munkatsala amayi, nkhuku ndi amalume. Iwo ankapitabe kubwalo atanyamula mpira kukhwapa, n'kupeza tiana tiwiri titatu, mpaka anayamba kumangokhala pakhomo kutonola chimanga.

Ine ndinalimba mtima kufikira Loweruka lina. Ndinanamiza amayi kuti ndikukabwereka buku kwa mnzanga, n'kukaima pamsewu. Amene anandiimira ndi njinga, simungakhulupirire, anali a Namakhwa omwe aja.

"Kwera msanga," anatero osandiyang'ana. "Koma pakamwapo potseka, wamva?"

Kanema wa ku Mauwa anali m'chisakasa cha udzu, momwe munkanunkha petulo wa jenereta, thukuta ndi zitumbuwa. Nditazolowera mdima wa m'katimo ndinaona kuti theka la anthuwo ndi a kwathu, aliyense akuzemba maso a mnzake. Manyaziwo anatha pamene timu ina ya kuno ku Africa inagoletsa chigoli. Benchi inagwa, anthu akukumbatirana, a Namakhwa akuvina atakweza chipewa m'mwamba. M'kanemamo munkamveka malipenga aja otchedwa vuvuzela, kulira osaleka ngati njuchi zalowa m'khutu. Kunena zoona, tsiku limenelo ndinasangalala kwambiri, ndipo amalume sindinawaganizire ngakhale kamodzi.

Pobwerera, tili pafupi kufika, a Namakhwa anaimitsa njinga n'kutulutsa vuvuzela yofiira m'thumba la saka. Anaigula ku Limbe, koma ankasowa poisunga.

"Kabise kwanu," anatero. "Akazi anga akaiona, mudzi wonse udziwa."

Ndinafika pakhomo dzuwa litapendeka, kamphepo kozizira ka mwezi wa Juni kakutsika kuphiri. Ndinadzera kuseri, m'munda wa nandolo, lipengalo nditalibisa m'malaya. Amalume anali pamkeka atandifulatira, akutonola chimanga, chitsononkho atachipanira ndi dzanja lopsalo. Chapafupi, pamjigo, panali amayi angapo ndi ana awo akudikira kutunga madzi.

Apa ndi pamene ndakhala ndikunama zaka zonsezi. Aliyense amene anandifunsa ndinamuuza kuti sindinawaone, ndinkangoyesa lipengalo. Bodza. Ndinawaona bwinobwino, mpaka chigamba cha pamsana pa juzi yawo. Mumtima mwanga munali zinthu ziwiri. China chinkati mwina adzidzimuka n'kuseka, monga ankachitira kale pamene iwo ankatibisalira ife. Koma china, chimene chinali chachikulu, chinali mkwiyo. Ndinkati chifukwa cha munthu uyu tikuonera mpira ngati akuba. Ndinanyang'ama mpaka kufika kumbuyo kwawo, ndinakoka mpweya, n'kuliza ndi mphamvu zanga zonse.

Mayo ine! Sindinaonepo munthu wamkulu akuchita zimene anachita amalume. Lichero linauluka, chimanga mbwee pabwalo ponse. Anathamanga chokwawa, akugwa n'kudzuka, mpaka kukalowa m'khola la mbuzi, nadzipanikiza pakona atafunditsa mutu ndi manja. Ankakuwa m'chilankhulo cha ku Joni chimene sitinkachimva, kenaka m'Chinyanja: "Musandiwotche! Ndikupita kwathu, musandiwotche!" Mjigo unasiya kulira. Amayi onse aja anabwera ndi ana awo n'kuima mozungulira kholalo, ndipo onse anaona kuti buluku la amalume lanyowa.

Amayi anga anatuluka m'khitchini akuthamanga. Anayang'ana m'khola, anayang'ana chinthu chofiira m'manja mwanga.

"Mada, wachita chiyani?"

"Sindinawaone, amayi."

Anabalalitsa anthuwo, analowa m'kholamo chogwada, nakhala ndi achimwene awo mpaka kunjenjemera kutaleka. Atawalowetsa m'nyumba anathyola nthambi ya bulugama n'kundigwira pamkono. Ndisanalandire ngakhale chikwapu chimodzi, mawu anamveka m'katimo, otsika, osasa: "Achemwali, musiyeni mwana. Akuti sanandione." Ndikanakonda akanandikwapula. Amayi anataya nthambiyo, natenga lipengalo n'kukaliponya m'chimbudzi.

M'mawa mwake anthu onse anapita kutchalitchi, koma amalume anatsala, nanenso ndinanamizira mutu. Ndinawapeza akutola chimanga chija chimodzichimodzi m'fumbi. Ndinagwada n'kuyamba kutola nawo, ndikudikira kuti andikalipire. Tinapitiriza kutola.

"Anawina ndani?" anafunsa mwadzidzidzi.

Ndinawauza.

"Goloboyi wawo amatuluka bwino pa kona?"

Ndinati amatuluka, koma amakonda kuwomba mpira m'malo mougwira. Anapukusa mutu ngati mmene ankachitira nafe kubwalo. Ndipo ndinalimba mtima n'kufunsa ngati ankadziwa kuti anthu akupita ku Mauwa.

"Kuyambira tsiku loyamba," anatero. "Anthu sadwala onse nthawi imodzi tsiku lililonse."

"Ndiye simunakwiye?"

"Ndikwiyire chiyani? Mada, ine ndasewera mpira moyo wanga wonse. Nanenso ndinkafuna kuonera. Ndikanangopempha Che Jafali kuti azitsitsa mawu a kanemayo, malipengawo asamamveke, chifukwa amene anabwera kudzatiwotcha ankaliza omwewo. Basi, chokhacho. Koma palibe anandifunsa. Anangobwera kudzandiuza kuti mudzi wanyanyala chifukwa cha ine. Ndiye ine ndikanapita bwanji?"

Ananyamula lichero n'kulowa m'nyumba.

Nkhani ya m'khola inayenda mudzi wonse dzuwa lisanalowe. Kunyanyala kuja kunathera pomwepo: Che Jafali anabwezeretsa dishi padenga, ati poti za ku Mauwa zaululika kale, ndipo masewero omaliza anthu anaonera pa Mbombwe pomwepo, mawu a kanema ali pamwamba. A Namakhwa sanabwerenso kwathu, ndipo za mwini lipenga sindinaulule. Makolo ena anayamba kuletsa ana awo kupita kwa amalume, ati mutu wawo suyenda bwino. Ana a pamjigo aja anawapatsa dzina. Akamadutsa ankawakuwiza ali patali, "A Vuvuzela! A Vuvuzela!" n'kuthawa. Amalume sanapondenso kubwalo la mpira. Amayi anayambiranso kuwanyengerera m'mawa uliwonse, koma ulendo uno anangofika kudimba, n'kuthera pomwepo.

Lero ndine bambo wa ana awiri. Amalume alipo, imvi zili mbuu, amalima nandolo ndi tomato. Ana amene nthawi imeneyo anali asanabadwe amawatchulabe dzina lija, osadziwa n'komwe kumene linachokera, ndipo iwo amayankha.

Mpikisano wina ukamayandikira, anthu n'kuyamba kukangana pa wailesi ndi m'mafoni ngati n'koyenera kuonera masewero ochitikira m'dziko limene lazunza anthu, ine ndimamvetsera ndili chete. Sindinyoza onyanyala, mwina nthawi zina amakhala akulondola. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti ife a pa Mbombwe sitinanyanyale chifukwa cha amalume. Tinanyanyala kuti tizioneka anthu achifundo, ndipo chifundocho chitatilemera tinakwiyira munthu amene sanatipemphe. Akuluakulu anabisa mkwiyo wawo m'maulendo a ku Mauwa. Ine, mwana wopusa, ndinautengera wanga mpaka kukhutu kwawo.

Tsiku lija anandiwombola ku chikwapu ndi bodza langa lomwe, ndipo ndawalola kulisenza mpaka lero. Amalume amawerenga nyuzipepala ikawapeza, ngakhale yokulungira usipa. Ngati iyi idzakufikani m'manja ndisanalimbe mtima kunena pamaso panu, dziwani ichi: amalume, ndinakuonani.