Omvera Athu Anali Pamzere

Tinanyamuka pa Kasungu boma Loweruka m'mawa, mwezi wa Okutobala, dzuwa litayamba kale kuluma m'khosi. Tinalipo anayi: Fatsani woyimba, Gibo wa ng'oma, Madalo wa gitala ya besi, ndi ine, wojambula maukwati, ndi kamera yanga.

Anyamatawa ankayimba nyimbo zomwe iwo ankati roko. Ine ndinkati chigayo. Bambo ake a Fatsani, bambo Makwinja, tenanti wa fodya pa esiteti ina kuseri kwa Chamama, anabwerapo kamodzi kudzawaonera ndipo anatuluka nyimbo yachiwiri isanathe. Anati sanamve liwu ndi limodzi lomwe, anangoona mwana amene anamuphunzitsa ndi thukuta la fodya akukuwa pagulu. Mawuwo anamupweteka Fatsani chaka chathunthu. Ndiye anaganiza zojambula chimbale ndi vidiyo popanda magetsi, magitala amatabwa okhaokha, m'chigafa cha bambo akewo, kuti mwina amve. Koma chimbale chojambulira pagulu chimafuna gulu, ndipo woitana anthu anali bambo Makwinja omwewo. Fatsani ankaopa kuti tikapeza nkhuku zokha.

Pofuna kusangalatsa bambo ake, anatilamula tonse kuvala malaya oyera opisira. Tsitsi lake lopota analibisa m'chipewa. Tinkaoneka ngati anthu aulemu, zomwe sizinatichitikirepo.

Pikapu ya matola yopita ku Mtunthama inali K400 munthu mmodzi. Kondakitala anayang'ana ng'oma ya Gibo nati, "Iyinso ndi munthu, yakhala malo a mayi wathunthu." Gibo anati aipakata. Anaipakatadi njira yonse, tikungoona maso ake pamwamba pake.

Pa Mtunthama tinadya tchipisi cha pachiwaya, cha kabichi ndi tsabola wambiri. Mayi wogulitsa thobwa pambali anayang'ana malaya athu, nayang'ananso chikwama cha kamera.

"Achimwene, kodi ndinu olembera makuponi?"

Tinaseka. Zaka zimenezo, Okutobala akafika, aliyense wochokera kuboma wonyamula chikwama ankaoneka ngati wabwera ndi feteleza wotsika mtengo. Tikanakhala anzeru, funso limenelo likanatichenjeza. Ife tinangogula thobwa.

Kuchoka apo tinakwera lole ya mu msewu wafumbi wa ku Chamama, pamwamba pa matumba a mchere ndi malata a munthu wina. Minda inali mbee, zigafa zili zopanda kanthu, chobiriwira chokha ndi nazale za fodya m'madambo. Chinandidabwitsa n'chakuti m'nazale zambiri munalibe wothirira, makeni othiririra atangosiyidwa pansi. Pa Chamama tinatsika malaya oyera aja atasanduka ofiira pang'ono, tinakwera makabaza. Wonyamula ng'oma anagwa nayo kawiri pamchenga, ndipo kawiri konseko inalira bwino.

Dzuwa litapendeka pang'ono tinafika pa esiteti. Anthu anali atandanda kuchokera pachigafa mpaka kumabulugamu, amayi mzere wawo, abambo mzere wawo. Fatsani anandigwira mkono mwamphamvu.

"Amwene, tatchuka. Ukuona? Mpaka pamzere."

Ine ndajambula maukwati ambiri, ndipo ndikudziwa kuti anthu obwera kudzasangalala saima mwadongosolo choncho. Ndinaonanso kuti aliyense anali ndi chitupa chovotera m'manja. Nditangoimika kamera pamiyendo yake, mayi woyamba anabwera patsogolo pake, nakonza mpango, naika chitupa pachifuwa.

"Mundijambule bwino, bambo. Chaka chatha anatidumpha, akuti matenanti tilibe munda."

Fatsani anathamangira kwa bambo ake, omwe anaima pakona ya chigafa atavala jekete ya kutchalitchi kukutentha chonchija.

"Bambo, anthuwa mwawauza chiyani?"

"Ndinangoti kubwera anthu a kuboma ndi kamera. Zinazo awonjezera okha."

"Nanga bwanji simunawauze zoona?"

"Ndikanati bwerani mudzamve mwana wanga akukuwa, akanabwera ndani?" Anayang'ana pansi. "Sindinafune uyimbire mitengo. Amako omwe sindinawauze. Siawo, achitatu pamzerepo."

Analidi pomwepo, chitupa m'manja, akumwetulira mwana wawo poganiza kuti wapeza ntchito m'boma.

Fatsani anavula chipewa, tsitsi lija linagwa, ndipo anauza anthu chilungamo: kulibe makuponi, kuli magitala. Phokoso lomwe linabuka linaposa roko yake. Bambo wina wamtali anati, "A Makwinja, tasiya mbande zikupsa ndi dzuwa chifukwa cha inu. Mawa mutiyang'ana ndi maso ati?" Bambo Makwinja ankangopotokola chipewa chawo m'manja. Ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa ife timabwerera kutauni koma iwo amatsala ndi anthu amenewa.

Chodabwitsa n'chakuti palibe anachoka. Mayi wa mpango uja anati, "Ine sindisuntha. Chaka china tinabalalika masana, galimoto yeniyeni inabwera madzulo. Mwina awa angotsogola." Mawuwo anayenda mizere yonse iwiri. Aliyense anaopa kuti akachoka mnzake amulanda malo. Choncho omvera tinali nawo, okwiya, oima pamzere.

Anyamata anayambabe kuyimba. Nyimbo yoyamba inatha popanda woomba m'manja, kupatula amayi ake a Fatsani, nawonso kamodzi kokha. Yachiwiri inali yonena za manja a mayi amene wasoka fodya tsiku lonse, akuda ndi phula loti sopo salichotsa, omwewo n'kusambitsa mwana. Nyimboyi ndinali nditaimva kangapo kutauni osadziwa kuti ili ndi mawu. M'chigafa chopanda magetsi, mawu onse anamveka. M'kamera ndinaona amayi angapo akutembenuza zikhatho zawo n'kuziyang'ana. Kenako wina anavomera nyimboyo ngati kukwaya, ena n'kutsatira. Abambo anayamba kumenya zitupa zija pazikhatho motsatira ng'oma. Ngakhale wamtali uja phazi linamupereka. Koma pamzere sanachoke.

Bambo Makwinja anali atakhala pakeni yovundikira. Nyimbo itatha anakodola mwana wawo.

"Kodi kutauni kuja unkanena zomwezi?"

"Zomwezi, bambo."

"Za amakozi?"

"Eya."

Anayang'ana akazi awo omwe ankapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, chitupa chikadali m'manja.

"Ndiye unkazibisiranji m'chiphokoso chija? Tabwereza, mawu ena andipita."

Fatsani anabwereza, ndipo yobwerezayo ndi imene inalowa m'chimbale.

Galimoto ya makuponi sinabwere. Dzuwa lisanalowe bambo Makwinja anayenda mizere yonse iwiri akupepesa munthu aliyense payekha, kenako anatipatsa makeni. Anati mlandu ndi wawo koma msana wawo watha. Tinathirira nazale za anthu ndi malaya athu opisira, ndipo Gibo, yemwe ankadzitama ndi mikono ya ng'oma, ndiye anayamba kupempha kupuma.

Tinabwerera Lamulungu pa lole yomweyo, mapewa akuwawa, Fatsani akumwetulira fumbi likumulowa m'kamwa. Ogula vidiyo ija mpaka lero amandifunsa chifukwa chimene omvera ake anaimira pamzere ngati kuchipatala. Ndimawauza kuti anali kudikira feteleza, iwo n'kuseka poyesa nthabwala. Ine ndikaionera sindiyang'ana mzerewo. Ndimayang'ana pakona, pomwe pali mkulu wa jekete amene analolera kudana ndi esiteti yonse chifukwa cha nyimbo zomwe ankaziyesa phokoso, atatchera khutu ndi dzanja.